Ndikuweta Tizilombo ku Masasa

Lolemba, 10 Malichi

Mmawa. Nkhungu yaphimba Masasa yense, nyumba za kutsidya sizikuoneka. Ndili kuseri ndi kapu ya tiyi, kuyendera tomato wanga. Mitengo 36, yonse ndimaidziwa.

Masamba a m'munsi ali ndi madontho akuda ngati awaulidwa ndi moto. Chiwawu!

Amama NyaMhango, eni ploti, aona kale. Iwo saphonya kanthu. Kachigawo aka anandibwereka okha chaka chatha atandipeza ndikudzala anyezi m'chitini pakhonde. Tomato wawo ali pompa, mizere isanu ndi itatu, pakati pathu pali kanjira kokha. Mawu awo: "Mwana wane, nthenda iyi imayenda. Pa Sabata tikaweruka ku tchalitchi, mupopere mankhwala panji muzule. Chimoza."

Kupopera ayi. Ndinakulira m'thonje ku Balaka. Bambo ankabwera kuchokera kumunda malaya atanyowa kumsana konse ndi sipuleya yodontha, fungo lija n'kulowa mpaka m'mabulangete. Ankatsokomola chaka chonse. Mpaka pano ndikadutsa pa shopu ya mankhwala a mbewu mutu umayamba kundiwawa.

Kuzula nakonso ayi. Mu Mzuzu monse muno dothi limene limandidziwa ndi lokhali.

Koma nzeru ilipo! Mwezi watha kutchalitchi kwathu kunabwera alangizi a zaulimi. Anati m'dothi la m'nkhalango muli tizilombo tosaoneka ndi maso, tabwino, tolimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda a mbewu. Ukatiweta n'kutithira m'munda timakhazikika kumizu ndi pamasamba, toipato n'kusowa pokhala. Ndinalemba zonse kuseri kwa pepala la nyimbo. Pepalalo ndinalichapira limodzi ndi jekete, koma likuwerengeka ndithu.

Zofunika:
– masamba owola a pansi pa mitengo yachilengedwe, okhala ndi timaulusi toyera
– madeya
– shuga
– madzi
– ndowa yotseka bwino

Mzere womaliza ukuti "dikirani masiku", nambala yake inapita ndi sopo. Ndikuganiza kuti inali 3.

Madzulo, nditaweruka ku ofesi. Ndakwera sakaramento, kabaza wa kuno, mpaka kumitengo ya kumunsi, kufupi ndi dambo. Wopalasayo wandidikira, akundiyang'ana ndikufukula pansi ndi supuni, nditavala nsapato za ku ntchito. Akuti: "Amama, vinyalala mu handibagi?"

Sakudziwa kuti wanyamula gulu lankhondo panjinga yake.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndasakaniza! Masamba, madeya, shuga yense wa mwezi uno, madzi a pampopi. Ndavundikira. Tiyi wa lero ndi wopanda shuga, ndipo sindikudandaula. Alendo ayambe adya.

Ndayika khutu pandowa. Zii.

Mwina ndi kuzizira. Ine ndemwe chaka choyamba muno ndinkagona ndi masokosi awiriawiri. Ndowa ndaifunditsa bulangete langa labwino lija, ndaiyika kuchipinda, pafupi ndi bedi.

Ku ofesi makalata anayi ndawataipa molakwika. Maganizo ali kwina. Ndikutiona tizilomboto titavala zoyera, titandanda pamzere, tikutsika tsinde la tomato mwakachetechete, aliyense ndi katsache kake. Toipa tija tikumanga katundu. Kenako ndikudziona ndekha pamsika waukulu, tebulo lodzaza, tomato wofiira mpaka mkati, amayi a ku Chibanja akukankhana. Wina wa pa wailesi akundifunsa chinsinsi. Ndikuyankha modzichepetsa.

Abwana: "Kalata iyi ikupita ku Karonga, osati ku Katomato."

Nkhani ina. Amama NyaMhango ayenera kumva za ntchitoyi m'chilankhulo chawo, ndiye ulemu. Zaka zitatu muno, Chitumbuka changa chikadali pa monire ndi yewo. Ndawagwira a Msiska, dalaivala wa ku ofesi, akuthamangira kugalimoto. Ndafunsa kuti chilombo amati chiyani. Akuti: "Chikoko. Vikachuluka, vikoko." Nanga chosaoneka? Nanga kuweta? Ayankha galimoto ikuyenda kale.

Ndayeserera njira yonse yobwerera.

Ndawapeza akusankha nyemba pakhonde. Ndagwada bwinobwino, n'kunena pang'onopang'ono kuti liwu lililonse limveke: "Amama, nkhuŵeta vikoko vyambura kuwoneka. Vili ku chipinda."

Asiya nyemba. Andiyang'ana. Kenako: "Yewo."

Atsekera nkhuku dzuwa likadalipo. Ndikuona kuti Chitumbuka changa chawakhudza mtima.

Yodwala lero: mitengo 9.

Lachitatu, 12 Malichi

Tizilombo tadzuka! Tadzuka!

Ndowa ikulira. Bwu… bwu… ngati m'mimba mwa munthu amene wadya nyemba zosapsa. Chivindikiro chatukuka pang'ono. Ndagwada pambali pake ndi chitenje chokha, ndati mwadzuka bwanji nonse. Ndalankhula mokweza ndithu, ndaiwala kuti zenera ndi lotsegula.

Tsiku labwino m'zonse:
– Pampopi ndapeza anthu asanu. Onse andipatsa mpata, ena mpaka kusiya zigubu zawo.
– Mayi wa nyumba yapakati, amene amapempha mchere tsiku ndi tsiku, lero sanabwere.
– Tsache langa limene linasowa mu Januwale labwerera lokha pakhomo.

Anthu a kuno ndi aulemu, ndakhala ndikunena.

Ndisanapite ku ntchito, amama NyaMhango aima panja pa zenera, patali ndithu, manja kumbuyo. Mafunso atatu.

"Vikurya vichi?" Ndayankha kuti shuga ndi madeya basi, sitivuta.

"Vilipo vilinga?" Ndati sitiwerengeka amama, timaswana usana ndi usiku.

"Vizamufuma?" Ndati inde, Lachisanu nditulutsa. Ndawonjezera kuti asadandaule, tikazolowera tidzawolokera ndi kwa iwo komwe, kwaulere.

Ati: "Chiuta wane." Ndiye kuti ayamikira.

Masana ku ofesi ndajambula chizindikiro cha pabotolo kuseri kwa envulopu: tomato akumwetulira, kumbuyo kwake dzuwa. Dzina sindinapeze. Tabwino? Asilikali a M'dothi? Ndikuona mabotolo ali ndandanda m'mashopu kuyambira Chitipa mpaka Nsanje. Ndikuona ndikutsika basi ku Balaka ndi katoni, alimi a thonje atakhala pansi pa mtengo, masipuleya atapachikidwa kudenga, akuchita dzimbiri, nkhuku zikuikiramo mazira.

Mvula yowaza tsiku lonse. Nsapato sizikuuma.

Yodwala: 14. Madontho akwera kufika masamba apakati. Ndawauza a m'ndowa kuti achite changu.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndabwera kuchokera ku ntchito, ndapeza anthu aima kutali ndi chitseko changa, ngati pamene pagwa ngozi. Pansi pa chitseko pakutuluka thovu.

Akuti cha m'ma 11 koloko m'nyumba mwanga munaphulika chinthu. Wina akuti anamvanso kuseka.

M'kati: chivindikiro chili pamwamba pa kabati. Madeya kudenga, madeya pa neti, madeya pa diresi la kwaya. Bulangete labwino lija silidzakhalanso labwino. Fungo lake ngati thobwa logona masiku anayi.

Koma ndiye mphamvutu! Ngati tikutha kuponya chivindikiro chonchi, chiwawu n'chiyani?

Ndakolopa mpaka msana kuwawa. Theka latsala m'ndowa. Likwanira.

Zomwe zachitika pa ploti lero, monga ndamvera pakhoma:
– nkhuku yakuda ya amama yasiya kuikira
– tchaja cha mayi wa nyumba yapakati chasowa
– wailesi ya a kunyumba yakumapeto ikungogwira siteshoni imodzi

Sindikudziwa chifukwa chake aliyense akanena zimenezi akumatsitsa mawu.

Ndiyeno kasitomala woyamba! Dzuwa litapendeka kwabwera mayi wina wa ku Salisbury Lines, sindikumudziwa, wafunda chitenje kumutu. Wakana kulowa. Akunong'ona: "Namva muli navyo. Vimathamangitsa zoipa pakhomo?"

Ndati osati kuthamangitsa kokha, timazilanda malo mpaka zimafota zokha.

Maso ake awala. Akuti kwawo chavuta ndi chimodzi, chinabwera chaka chatha, chimakhala cha ku Chibanja, chofiirira. Ndati mtundu ulibe kanthu. Ndamuthirira m'kabotolo, ndamuuza kuti asungunule m'madzi, awaze mmamawa dzuwa lisanatuluke, makamaka kumunsi. Wafuna kusiya kanthu, ndakana. Akadzaona zotsatira adzauza anzake.

Ndaiwala kumufunsa ngati ndi tomato kapena mbatata.

Yodwala: 21. Iwiri yagweratu. Sindinafune kuiyang'ana nthawi yaitali.

Lachisanu, 14 Malichi

Mmamawa ndasefa ndi kansalu, ndasungunula, ndawaza mitengo yonse ndi tsache. Pitani ana anga, kagwireni ntchito! Makatani a ploti yonse akugwedezeka, palibe watuluka. Nkhungu ili pansipansi, madontho akulendewera pamasamba, ndipo kwa kanthawi ndakhulupirira ndi mtima wonse kuti pofika madzulo ndipeza zobiriwira.

Nthawi ya tiyi ku ofesi. Ndawauza a Msiska kuti Chitumbuka chawo chinagwira ntchito. Ndabwereza chiganizo chija monyadira, liwu ndi liwu.

Tiyi wawatulukira m'mphuno. Akhala pansi, pasimenti penipeni, akupukuta misozi ndi kapu yawo ya kumutu. Aitana mlonda. Aitana wa ku akaunti. Ndibwerezenso akuti.

Atapeza mpweya: "Asisi, vikoko ni nkharamu, vimbwi, vyamuthengere! Mwawauza alandilodi kuti mukusunga afisi osaoneka kuchipinda!"

Afisi. Osaoneka. Odya shuga. Oswana usana ndi usiku. Amene ndinalonjeza kuti adzawolokera kwa iwo kwaulere.

Mayo ine!

Tsache lija. Mpopi uja. Ndipo mayi wa ku Salisbury Lines! Chofiirira cha ku Chibanja si matenda a mbewu ayi, ndi chibwenzi cha mwamuna wake. Pena pake mmawa uno pali khomo la munthu limene lawazidwa madzi a madeya, ndipo mwamuna wa eni ake akudabwa fungo.

Ndadzitsekera m'chimbudzi cha ku ofesi kwa mphindi khumi.

Masana ndapeza nambala ya alangizi aja kwa mlembi wa kutchalitchi. Munthu wodekha, wandimvetsera mpaka kumapeto osaseka. Zimene anena:
– Nambala inafufutika ija si 3. Ndi 30.
– Poyamba sumathira madzi ambiri, umangonyowetsa n'kutsendera.
– Madzi a pampopi ali ndi mankhwala opha tizilombo, tabwino ndi toipa tomwe. Ndikanatunga a mvula.
– Chachikulu: tizilomboti timateteza mbewu isanadwale. "Mayi, mlonda mumamulemba katundu asanabedwe. Apa chotsani zodwalazo, mutenthe, mukonzekere ulendo wina."

Ndafunsa kuti nanga chimene chimalira m'ndowa mwanga n'chiyani. Akuti mwina tilipo ndithu tina, koma kwenikweni ndafulula.

Mvula ya Mzuzu yonseyi, ine n'kukatunga pampopi!

Yodwala: 27. Ndalowa m'nyumba mozemba ngati ndine wakuba.

Loweruka, 15 Malichi

Ndimati ndipite ndekha kukafotokoza. Andiyambirira. 8 koloko, nyimbo pakhomo panga. Amama NyaMhango ndi amayi atatu a kutchalitchi kwawo, mabulauzi oyera, Mabaibulo m'manja. Oyera, pamzere. Maloto anga a Lachiwiri aja, koma abwerera ine.

Ndatulutsa ndowa. Onse abwerera m'mbuyo kamodzi.

Ndafotokoza m'Chichewa, Chitumbuka ndasiya kaye. Ndati si afisi. Ndati ndi tamoyo ting'onoting'ono, tonga timene timasandutsa mkaka kukhala chambiko, timene timawawitsa chindongwa, thobwa la kuno, chikagona. Ndaonetsa pepala la nyimbo. Ndatchula alangizi. Ndapepesa katatu.

Mmodzi wa iwo, wamfupi, wolimba mtima, wasuzumira. Wanunkhiza. Waviika chala, walawa. Chigamulo chake: "Aka ni kamowa aka. Kakusowa waka mchewere."

Amama NyaMhango: "Mowa? Pa ploti pane?"

Kwa mphindi zingapo mlandu wa mowa unakula kuposa wa afisi.

Kenako wina wayamba kuseka, n'kupatsirana. Amama aseka mpaka kugwira khoma. Akuti masiku anayi akhala akugona ndi nyali, nkhuku zili kuchipinda kwawo. Akuti Lachinayi anakagula shuga n'kubisa m'sutikesi kuti vikoko vikamaliza wanga n'kubwera kwa iwo adzapeze chovipatsa. Tchaja chija chapezeka m'thumba la mwini wake. Pemphero lachitikabe, poti anabwera kale. Andipempherera kuti ndipeze nzeru, ndi banja.

Ndinayamba kupepukidwa. Ndiye wamfupi uja wati tikaone kumundako.

Wanga: masamba akuda, akulendewera ngati nsanza. Fungo la madeya.

Amama awoloka kanjira, awerama pamzere wawo woyamba. Atembenuza tsamba. Lina. Lina. Madontho akuda, mitengo isanu.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Angoti: "Tomato uyu ndiye amandilipirira mankhwala a shuga, mwana wane."

Sabata yonse ndakhala ndikulota mabotolo ndi wailesi, nthenda ikuwoloka kanjira. Anandipatsa masiku asanu ndi awiri chifukwa cha ulemu, iwo akudziwa kuti ndi ambiri. Ndachita manyazi kuposa a dzulo, ndipo awa sakuseketsa.

Yodwala: sindinawerenge.

Lamulungu, 16 Malichi

Sindinadikire kuti aweruke ku tchalitchi. Kwathu sindinapite, kwaya iimba popanda ine.

Ndazula ndekha. Umodzi umodzi, yonse 36, ndi inayi yomwe imaoneka ngati ikadali bwino. Mizu yake yoyera, yamphamvu, yosadziwa kanthu. Ndalira pang'ono pa mtengo wachisanu, kenako ndangogwira ntchito. Ndakumba dzenje kumapeto kwa ploti, ndaunjika, ndatentha. Zauwisi sizipsa msanga, utsi wake wandiperekeza mpaka m'nyumba.

Tomato wosapsa amene ndapulumutsa: 11, ang'onoang'ono ngati mazira a nkhunda. Ali pazenera. Sindikuyembekeza zambiri.

Masana amama abwera ndi sipuleya yobwereka. Ayamba athyola wakupsa yense, kenako amanga kansalu kukamwa. Ndawathandiza kuthothola masamba odwala pamzere woyamba, ndawatungira madzi ndowa zinayi. Atayamba kupopa ndalowa m'nyumba, ndatseka zenera. Tchii, tchii, tchii, mizere isanu ndi itatu.

Za kachigawo kanga: sakundilanda. Akuti papume kaye, ndidzadzale nyemba.

Za tizilombo: ndiyambirenso ngati ndikufuna, ndi madzi a mvula, masiku 30 enieni. Koma ndowa izikhala kuseri kwa khola, osati m'nyumba, ndipo ndisadzayesenso kuifotokoza m'Chitumbuka. Akuti zikadzagwira ntchito pa nyemba zanga adzandipatsa mzere umodzi wa tomato woyeserapo. Umodzi. Wakumapeto.

Ndavomera. Ndikanatani?

Madzulo ndatereka usipa, ndiye ndakumbukira kuti ndilibe chothiramo. Ndisanavale nsapato kuti ndikagule tomato, kugogoda. Amama, ndi tomato atatu m'mbale, akuluakulu, ofiira, opoperedwa mankhwala kuyambira ali ku nazale.

"Yewo chomene, amama."

Ndatsuka katatu. Ndadula, ndathira, ndadya.

Ndi wokoma. Zandipweteka kwambiri kuti ndi wokoma.